Chombo cha Mfumu Chatitimira Mumchenga

M'dziko la Patukani mulibe nyanja. Mulibe ngakhale dziwe loti munthu wamkulu n'kumiramo popanda kuchita kugona dala. N'chifukwa chake Mfumu Ndinepano Yachiwiri itabwerako ku ulendo wake wakunja itavala chipewa chakuda cha nsonga zitatu, diso limodzi itaphimba ndi kansalu, anthu anangoti kaya, mwina ndi momwe madokotala akumeneko amachizira.

Sanali matenda. Mfumu inzake yakunjako inali itaipatsa mphatso: bokosi la masewera apabanja a achifwamba a panyanja.

Tsono dzikoli linali ndi lamulo limodzi lalikulu, ena onsewo anali ana ake chabe. Lamulolo linkati munthu sapitirira mfumu. Galimoto ya mfumu ikamveka pamsewu, aliyense ankapatukira kutchire, ngakhale onyamula maliro. Ikafera panjira, magalimoto ena onse ankandanda kumbuyo kwake mpaka amakaniki afike. Ndipo mvula ikagwa, palibe amene ankaponya mbewu m'nthaka mfumu isanabzale phando loyamba m'munda wa kunyumba yachifumu. Wopitirira mfumu ankamukweza pa lole, iye ndi banja lake, kukamutula ku Kumbuyo, boma la kumalire kumene msewu umangothera m'tchire. Opita kumeneko sankabwerako.

A Lufeyo Kachingwe lamuloli ankalisunga bwino kuposa aliyense. Anali Nduna ya Masewera ndi Zopumulira, unduna waung'ono moti pamisonkhano ankawapatsa mpando wopanda kotsamira. Iwo sankadandaula. Nduna zina zinkabwera n'kuchotsedwa, koma iwo ankangokhalabe, chifukwa kuti uchotse munthu uyenera kuyamba wakumbukira kuti alipo.

Tsiku limeneli mfumu inawakumbukira.

"Kachingwe! Zamasewera n'zako izi. Pita ukauze dziko kuti ndi abwino."

A Kachingwe anathamangira ku wailesi. Anauza dziko kuti masewerawa amagwirizanitsa banja, amanola ubongo ndipo amachotsa ulesi. Bokosilo anali asanalitsegule n'komwe. Mawa lake kunatuluka chilengezo chakuti banja lililonse likhale ndi masewerawa, ndipo makina aboma anasiya kusindikiza mabuku asukulu n'kuyamba kusindikiza nyanja.

Atalitsegula bokosi lija anapezamo katoni yaikulu yojambulidwa madzi, ndi njira yokhotakhota ya tizipinda kuchokera padoko mpaka pachilumba cha chuma. Munalinso tizombo tamitundumitundu ndi dayisi, kaja ka madontho koponya. Uponya, uyenda tizipinda tofanana ndi madontho ako. Ukapeza mnzako panjira, umulanda golide. Woyamba kufika pachilumba ndiye wawina. A Kachingwe anawerenga mawu oti "woyamba kufika" kawiri konse, kenaka anatseka bokosilo msangamsanga.

Mpikisano woyamba unachitikira m'bwalo lalikulu la kunyumba yachifumu. Osewera anali anayi: mfumu, Nduna Yaikulu a Kavomera, mkulu wa asilikali Jenerale Chidzanja, ndi a Kachingwe, omwe analinso owerenga malamulo a masewerawo.

"Anthu anga," inatero mfumu itaimirira, kansalu kali padiso, "adani athu akhala akutiseka kuti tilibe nyanja. Nayi! Kuyambira lero Patukani ndi dziko la amalinyero. Ndipo ndikulumbira pamaso panu nonse kuti sindigwira ntchito ina iliyonse, ya khasu kapena ya cholembera, mpaka chombo changa chikafike pachilumba."

M'manja munaombedwa mpaka kuwawa. Kunali kotentha, kumwamba kuli mbee, ndipo palibe amene anaganizako za mvula.

Zinayamba bwino. Mfumu ikaponya zisanu, anzake atatuwo ankapeza chimodzi kapena ziwiri, mwa mwayi wodabwitsa. A Kavomera ankaphimba madontho ena ndi chala chachikulu. Jenerale ankaponya mwamphamvu, dayisi n'kukagwera kunsi kwa mpando wachifumu, ndipo msilikali wokaitenga ankabwera n'kuchitira sawatcha: "Chimodzi, bwana!" A Kachingwe ankangoitula pansi pang'onopang'ono ngati dzira. Chombo chofiira cha mfumu chinali patsogolo monga mwa mwambo, mpaka chinaima pa kachipinda kachikasu.

"Apa akuti chiyani, Kachingwe? Golide?"

A Kachingwe anawerenga, mawu akunka nachepa. "Akuti chombo chatitimira mumchenga, Mwinidziko. Akuti chikhale pomwepo mpaka chombo china chichipitirire, kuti mafunde ake achizule."

Nduna zinayang'anana.

"Basi?" inaseka mfumu. "Zosavuta. Ponyani, anyamata! Ndani andipitirire?"

Inafunsa mwansangala zedi. Koma funso limenelo anthu a ku Patukani analimvapo kale nthawi zambiri, ndipo pakhomo panali pataima asilikali.

Nduna zinayesetsa. Zinkalanditsana golide dala, zinkasankha njira zozungulira, zinkalowa m'mphepo zobweza chombo kumbuyo. Koma dayisi ilibe mbali yopanda dontho. Pang'ono ndi pang'ono tizombo titatu tinafika n'kudzathithikana m'kachipinda koyandikana ndi ka mfumu. Apo tsono panalibe kothawira. Kuponya ziwiri kapena kuposa kunali kupitirira mfumu. Kuponya chimodzi kunali kuima nayo pamodzi ngati anzake, ndipo a Kavomera anati mlandu umenewo n'ngoposa winawo.

A Kavomera omwewo ndiwo anapeza chipulumutso. M'malamulo munali mawu akuti wosewera akhoza kudumphitsa nthawi yake ngati akukonza chombo.

"Chombo changa chikudontha, Mwinidziko. Ndikonze kaye."

"Changanso chathyoka mlongoti," anatero Jenerale.

"Changa… makoswe, Mwinidziko," anatero a Kachingwe.

Mfumu sinkaponya chifukwa inali yotitimira. Choncho dayisi inkangozungulira tebulo, kuchoka m'dzanja ili kupita m'dzanja ilo, kuyambira m'mawa mpaka nthawi yoweruka. Mawa lake chimodzimodzi. A Kavomera anayesa kupempha kuti lamulo la mchenga lifufutidwe.

"Ine ndiwine mwachinyengo? Mfumu inzanga ikamva iziti chiyani?"

Anayesanso kupempha kuti lamulo la kupitirira lipumule kwa tsiku limodzi.

"Lamulo la agogo anga? Kavomera, wayamba liti kumwa masana?"

Motero malamulo onse awiri anatsala chiimire, ndipo wailesi inalengeza kuti mfumu, mwa nzeru zake zakuya, yaima kaye pamchenga kuti ione bwino kumene dziko likulowera. Panapangidwa komiti yofufuza za mchengawo. Komitiyo inapempha magalimoto.

Kenaka mvula inagwa. Sinali yongowaza fumbi ayi, inali mvula yeniyeni yobzalira, yogwa mofatsa, nthaka n'kumanunkhira. Ngumbi zinauluka. M'dziko lonse mizere inali yokonzeka, mbewu zili m'malichero, anthu ataima m'mphepete mwa minda yawo manja ali m'chuuno. Khasu la mfumu linali chipachikire pakhoma.

Loweruka lina a Kachingwe ataweruka kokonza chombo, anadzera ku msika wa Nong'onani kukatenga akazi awo, a Nachisale, amene ankagulitsa nyemba. Akazi a nduna zina sankagulitsa pamsika, koma a Nachisale ankati unduna wa amuna awo sudyedwa. Pamsikapo a Kachingwe anaona masewera awo ali paliponse. Wina anali atavindikirira ndowa ya thobwa ndi nyanja. Wina ankakupizira nayo moto wa kanyenya. Wogulitsa nsapato anali atatsekera nayo pamene denga limadontha, chilumba cha chuma chikuyang'ana pansi.

"Anduna afika!" anafuula a Tambulasi, wokonza njinga. "Bwana, masewera anu aja n'ngabwino zedi. Sanyowa msanga."

"Mwasewerako koma?" anafunsa a Kachingwe.

"Tinayesa, poti n'lamulo. Tinakhala ine, akazi anga, ana, ndi apongozi. Ine ndi apongozi tinachita kufulatirana, dayisi akutiponyera ana. Ndiye chombo changa n'kukapeza cha apongozi. Mwana akuti, 'Ababa, alandeni agogo golide.' Ine mkamwini, munda ndikulima n'ngwawo, nyumba ndamanga pamalo pawo, ndiwalande? Ndinati ayi, chombo changa chamira. Mpaka lero apongozi akuuza anthu kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu woti ngakhale kuba kwa pepala kumamukanika."

Anthu anaseka. Mayi wina wogulitsa tomato anawonjezera osadzutsa mutu: "Ife kwathu mwana wamng'ono anatsalira kumbuyo poyambirira pomwe, ndipo masewerawo alibe njira yoti wotsalira n'kupezanso anzake. Analira mpaka kugona. Wamkulu anameza golide. Koma chimene sindikumvetsa, bwana, n'chakuti zolandana katundu panjira zikufunika kuchita kugula bokosi? Bwanji osangotijambulira msewu wa ku Gwadani ndi zipata zake za apolisi? Malamulo timawadziwa kale."

A Kachingwe anaseka nawo pang'ono, akuyang'ana uku ndi uku. A Nachisale okha sanaseke. Anamanga matumba awo a nyemba mwakachetechete, ndipo ali panjira anawakokera amuna awo kumunda m'malo mwa kunyumba.

"Taonani, abambo."

Mizere yonse inali itabiriwira ndi udzu.

"Udzu uwu wamera osadikira mfumu," anatero a Nachisale. "Mukauze Jenerale adzaukweze pa lole."

"Nachisale, tsitsani mawu."

"Ndawatsitsa zaka zonsezi, afika pansi. Mvula iyi ikadula tisanabzale, chaka chino tidya chiyani? Golide wapepala? Inu mumakhala patebulo pomwepo. Kodi dayisiyo ndi yolemera bwanji kuti amuna atatu akuluakulu ikukukanikani?"

"Mukudziwa kumene amapita woiponya."

"Ndikudziwa. Nanga osaiponya akupita kuti?"

A Kachingwe anachita manyazi, ndipo anachitanso mantha, ndipo mantha ndiwo anali aakulu. Ankaikonda nyumba yawo yamalata, mtengo wa mapeyala pakhomo, ngakhale kampando kopanda kotsamira kaja. Moyo wawo wonse anali ataumanga pa luso limodzi, losaoneka. Koma popita kunyumba anadutsa minda ya anthu ena, ndipo m'munda uliwonse munali munthu ataima, akuyang'ana kumwamba kenaka n'kuyang'ana msewu wochokera kunyumba yachifumu.

Lolemba m'mawa dayisi inayamba ulendo wake wa masiku onse. Mfumu inali itaonda pang'ono. Kansalu inali itakasamutsira diso linalo, chifukwa loyamba lija linayamba kuyabwa.

"Chikudonthabe, Mwinidziko," anatero a Kavomera, n'kupatsira Jenerale.

"Mlongoti tinaitanitsa kunja, sunafike," anatero Jenerale, n'kupatsira a Kachingwe.

A Kachingwe anaigwira dayisiyo. Padenga mvula inali ikuwaza, yochepa kusiyana ndi ya sabata yatha.

"Makoswe bwanji, Kachingwe?" inafunsa mfumu motopa.

"Atha, Mwinidziko."

A Kavomera anatsokomola. Jenerale anasuntha mpando wake kuti utalikirane ndi wa a Kachingwe.

"Koma ndisanaponye," anapitiriza a Kachingwe, "munandituma kuti ndinene za masewerawa, ndipo ndinanena ndisanawaone. Tsopano ndawaona. Zojambula zake n'zokongola, tizombo take n'tolimba, pamenepo sindinama. Koma ndi masewera otalika mopanda chifukwa. Safuna nzeru, dayisi ndiyo imaganiza. Wotsalira kumbuyo alibe chiyembekezo, wotsogola alibe chochita. Akuti n'ngapabanja, koma amafuna kuti mwana alande make. Ndipo anawapangira anthu a dziko lina, kumene munthu akhoza kudutsa mnzake n'kukagona kunyumba kwake. Kuno sangatheke, Mwinidziko. Anthu akufuna kubzala."

Atatero anatseka maso n'kuponya. Dayisi inagubuduka, n'kukaima pakati pa nyanja pomwe aliyense akuiona. Zinayi. Panalibe chala choti n'kuphimba. A Kachingwe ananyamula kachombo kawo kobiriwira n'kukadutsitsa pambali pa chombo chofiira. Podutsa anawerama pang'ono n'kunena kuti, "Zikomo, ndidutse nawo."

Mfumu inalumpha, chipewa n'kugwa.

"Ndazuka! Ndazuka! Kachingwe, ndiwe mwamuna! Anzakowa akanandisiya pamchenga mpaka imvi. Bweretsani mendulo!"

Mendulo inabwera, ndipo mfumu inawaveka ndi manja ake, misozi ikulengeza m'diso losaphimba lija. A Kachingwe anayamba kupuma. Mwina, anaganiza motero, mwina zitha bwino.

"Mwinidziko," anatero a Kavomera mofatsa, "pali nkhani ya lamulo."

"Aa, inde, lamulo." Mfumu inapukusa mutu mwachisoni. "Wandipitirira, Kachingwe, pamaso pa anthu onsewa. Ndikanakonda zikanakhala zina. Koma dziko lopanda malamulo si dziko. Jenerale, mupezereni lole yabwino, ya matayala atsopano. Munthuyu ndi ngwazi."

Wailesi inalengeza zonse ziwiri m'nkhani imodzi: kuti a Lufeyo Kachingwe alandira ulemu wapamwamba chifukwa chopulumutsa chombo cha mfumu, ndiponso kuti chigawenga Lufeyo Kachingwe chathamangitsidwa chifukwa chochipitirira. Ku msika wa Nong'onani anthu anagwirizana kuti ayenera kuti ndi anthu awiri, ndipo anamvera chisoni mkazi amene ankaphikira onsewo.

Lole inanyamuka mawa lake, mipando ndi mapoto zili pamwamba. A Nachisale anakhala kutsogolo pakati pa amuna awo ndi dalaivala, mbewu yawo ya chimanga ataimanga m'chitenje n'kuiika pamiyendo. Sanalire. A Kachingwe ndiwo ankapukuta m'maso, koma mumtima munali kachimwemwe. Ankadziuza kuti nyumba yapita, unduna wapita, koma pofika madzulo mfumu ikhala itafika pachilumba, mawa itenga khasu, ndipo dziko libzala.

Atadutsa Gwadani, dalaivala anatsegula wailesi. Wolengeza anali wosangalala kwambiri. Chombo cha mfumu, anatero, chayenda mwaliwiro losaonekapo m'mbiri ya dziko lino, ndipo chatsala pang'ono kufika. Pakali pano mfumu, mwa nzeru zake zakuya, yaimanso pa kachipinda kena kachikasu pafupi ndi chilumba. Nduna Yaikulu ndi mkulu wa asilikali ali kalikiliki kukonza zombo zawo.

A Kachingwe anagwira mutu. Mchenga unalipo pawiri. Anauona tsiku loyamba lomwe, koma mantha a woyambawo anawaiwalitsa wachiwiri. Zinawapweteka kwambiri kuposa kuthamangitsidwa, moti anavula mendulo ija n'kuiponya pansi pa mpando.

"Musataye," anatero a Nachisale. "Tidzavindikirira botolo la mafuta."

Anayenda mpaka tala anatha, fumbi linatha, msewu n'kusanduka tinjira tiwiri ta matayala. A Kachingwe ankayembekeza kuona minga ndi mafupa. Koma lole itakwera chitunda chomaliza, anaona chigwa chonse chili biriwiri. Chimanga chinali chofika m'mawondo, mizere yopalira bwino, nyemba zikuyanga m'munsi mwake.

Pamene msewu unathera panali bambo wina wachikulire akunola khasu pamwala. Anayang'ana lole, anayang'ana mipando, n'kumwetulira.

"Takulandirani. Inu munamupitirira pati?"

"Panyanja," anayankha a Kachingwe.

"Ee, zimenezo n'zatsopano. Ine panali pamlatho, ndi ngolo, akazi anga ali pa matenda. Malo alipo kuseri kwa chulu uko, nthaka yake n'njabwino. Mwachedwa, koma simunachedwetsetse."

A Kachingwe ankangoyang'anabe chimanga chija. Anatsitsa mawu monga anazolowera.

"Pepani, achimwene. Mfumu sinabzale. Inu munabzala bwanji?"

"Ndi manja."

"Simuopa?"

"Atitumiza kuti? Msewu wathera pano."

"Nanga woyamba kubzala kuno amakhala ndani?"

Bambo uja anaganiza kaye, ngati funsolo sanalimvepo.

"Amene wadzuka m'mawa."

A Kachingwe anatembenuka kuti awauze akazi awo, koma a Nachisale anali atatsika kale. Mipando anaisiya pa lole, anatenga khasu lokha. Anali kuseri kwa chulu, atapinda chitenje, ndipo amuna awo akuyang'ana anatema nthaka, naponyamo njere, n'kukwirira ndi chidendene.

A Kachingwe anacheukira kumsewu, akudikira kulira kwa galimoto za asilikali. Kunalibe chilichonse, koma dalaivala akumasula zingwe.

"Abambo," anaitana a Nachisale osacheuka, "mukudikira ndani?"

A Kachingwe anavula jekete, n'kupita kukafuna khasu lachiwiri.